Kwa msuweni, za maso aja

Eee, msuweni, ndaliona funso lako lija, loti kodi magalasi angamuthandize munthu wa lupus, matenda aja amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, amene wayamba kuona mbuu. "Munthu." Munthu wake uti? Iwe, takulira pamodzi ife. Ndiwe ukuona mbuu, eti?

Chabwino. Dikira kaye... ukuwakumbukira amalume nthawi ija, asanabwererane ndi azakhali? Awo sanali a lupus, anali a shuga, koma tamvera. Diso lakumanzere... ayi, lakumanja, ankati mukuyandama tinthu takuda ngati ntchentche. Amayi ako kuwachonderera kuti apite kuchipatala, iwo amvekere, "Silikupweteka, silinafiire, ndikanene kuti chiyani?" Nkumangosintha magalasi owerengera. Ukudziwa makani awo, ndipo iwe unatengera komweko, usakane. Tsiku lina akupukuta thukuta anaphimba diso labwinolo, nkuona theka lokha la nkhope ya agogo. Anakhala pansi osalankhula. Dokotala anati timitsempha ta magazi takumbuyo kwa diso tinatsekeka kalekale, ndipo mbali imene inafayo sidzabwerera. Zimandiwawabe zimenezi.

Ndiye lupus nayo... chitetezo cha m'thupi chimatha kuukira timitsempha tomweto, ta pa retina, pamene pamafikira kuwala. Timatupa, timadontha magazi, tina timatsekeka, nthawi zambiri popanda ululu. Magalasi safika kumeneko. Komanso zikaonekera m'maso, kawirikawiri ndiye kuti matenda adzuka, nchifukwa chake amayezanso mkodzo kuti aone impso.

Pita kwa dokotala wa maso sabata ino. Akakuthira mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aone kumbuyoko, ndiye upite ndi munthu, umaona mbuu kwa maola angapo. Akayezanso TB ndi chindoko usakwiye, nazonso zimatupitsa mitsempha imeneyi, ndipo ayenera kudziwa asanakuwonjezere prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa aja. Pena amawotcha ndi laser malo amene magazi sakufika.

Aaa, ndi hydroxychloroquine uja, mankhwala ako a lupus aja, ndikudziwa waganiza zomusiya. Inde amatha kuwononga retina, koma patapita zaka, nchifukwa chake ukakwanitsa zaka 5 amayeza maso chaka chilichonse. Usasiye wekha.

Wamva? Sabata ino, osati magalasi. Diso likangoda mwadzidzidzi, tsiku lomwelo. Ndiimbire mawa undiuze tsiku limene akupatsa, ndikuperekeza ine, bola ukaonedwe sabata ino.