Ampu ya ma tube ikusasa mawu: musathamangire kugula ma tube atsopano

M'bale wathu wina amene amaimba gitala m'bandi ya tchalitchi ku Ntcheu watumiza imelo yokhudza ampu yake, Fender Hot Rod Deluxe, yomwe anagula kwa munthu. Akuti ngakhale volume ili pa 3, pa channel ya clean (imene imayenera kutulutsa mawu oyera), mawu amatuluka osasa, makamaka akagunda nsambo zikuluzikulu. Noti ikamazilala pamatsalira kamkokomo ka "bzzz", ndipo ampu ikayaka mphindi 20 zimanyanya. Ampuyo imanyamulidwa kawirikawiri kupita kumisonkhano ku Lizulu ndi ku Tsangano. Mu ampuyi muli ma tube asanu, timabotolo ta galasi tokulitsa mawu: atatu aang'ono otchedwa 12AX7 ndi awiri aakulu otchedwa 6L6. Funso lake: kodi aitanitse ma tube onse asanu?

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Ma tube angakhaledi olakwa, koma muli zinthu zinayi kapena zisanu zimene zimabweretsa mawu omwewo, ndipo zambiri mungaziyese lero osalipira kalikonse.

Yambani ndi zimene zili kunja kwa ampu. Chotsani ma pedal onse (tizipangizo topondapo tosintha mawu a gitala), mulumikize gitala ku ampu ndi kebulo imodzi imene mukuidziwa kuti ndi yabwino. Batire ya 9V ikamatha mu pedal, mawu amasasa chimodzimodzi ngati ampu yadwala. Bwerekani gitala ina muyesere. Kenako pimani magetsi a pa soketi ndi multimeter (chida chopimira magetsi) pa nthawi imene mumaimba, osati masana pamene palibe chimene chikuyaka. Athu kuno ndi 230V. Akatsika kufika cha m'ma 200V, kaya chifukwa jenereta yaing'ono yanyamula mikisa, kiyibodi ndi magetsi a m'tchalitchi nthawi imodzi, kaya chifukwa ekisitenshoni ndi yaitali komanso ya waya woonda, ma tube sapeza mphamvu yokwanira ndipo ampu imayamba kusasa volume ili pansi. Onaninso cholembedwa kumbuyo: ngati ampuyo ndi ya 120V yochokera ku America, thiransifoma yotsitsira magetsi ikhale yaikulu bwino, ya 500W kapena kuposa, chifukwa yaing'ono imatentha n'kumatsitsa magetsi.

Ampu yanuyo ili ndi majaki awiri othandiza kwambiri, Preamp Out ndi Power Amp In. Tengani kebulo yaifupi muwalumikize awiriwo. Mawu akayera, ndiye kuti vuto ndi dzimbiri kapena fumbi m'kati mwa jaki ya Power Amp In, chifukwa mawu onse amadutsa pa kachitsulo kake ngakhale simunalowetsemo kanthu. Mankhwala a contact cleaner amathetsa zimenezi: thirani pang'ono pa pulagi, muilowetse ndi kuitulutsa kakhumi. Ampu yoyenda pa msewu wa fumbi n'kumagona m'chipinda chozizira cha chinyontho, ngati mmene kumakhalira kumapiri a Tsangano ndi Dedza mu Juni ndi Julayi, imadwala matenda amenewa kawirikawiri. Ngati sizinasinthe, gawani ampu pawiri. Tengani mawu pa Preamp Out mupite nawo ku mikisa. Akasasa pa mikisa, vuto lili kutsogolo, ku ma 12AX7 oyambirira. Akayera, lowetsani kiyibodi pa Power Amp In, mutatsitsiratu volume yake chifukwa pamenepo ma knob a ampu sangakuchepetsereni mawu. Akasasa apa, yang'anani ku ma 6L6, ku 12AX7 yachitatu (yoyandikana ndi ma 6L6) kapena ku sipika.

Sipika ndimaikayikira kwambiri pa nkhani yanuyi, chifukwa mwatchula nsambo zikuluzikulu ndi "bzzz" wa kumapeto kwa noti. Ampu ili yozima, ikani zala mozungulira pakati pa pepala la sipika, mukankhe pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Liyenera kuyenda mwakachetechete. Mukamva phokoso la kukhulana, ndiye kuti koyilo ya sipika inapsa kapena inapindika ndipo ikukhudza maginito. Unikani ndi tochi m'mbali mwa pepala kuti muone ngati lang'ambika kapena lamatuka. Sipika ya 8 ohm mukaipima ndi multimeter imaonetsa pakati pa 6 ndi 7 ohm, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Mangitsaninso masikuluwu onse a bokosi, chifukwa limodzi lokhwepa limalira pa noti imodzi yokha mpaka munthu kuganiza kuti ampu yafa. Njira yotsimikiza ndi kuzula sipika yam'kati n'kulumikiza bokosi lina la 8 ohm pa jaki yomweyo. Koma chonde, musayatse ampu ya ma tube popanda sipika. Output transformer, imene imapereka mawu kuchokera ku ma tube kupita ku sipika, imapsa, ndipo ndi chipangizo chodula komanso chovuta kuchipeza.

Tsopano ma tube. Zimitsani, zulani pulagi, dikirani azizire. Kankhirani iliyonse m'soketi mwake, popeza mabampu a pamsewu amawasuntha pang'onopang'ono. Yang'anani kadontho konyezimira ngati siliva m'kati mwa galasi: kakasanduka koyera ngati ufa, mpweya walowa ndipo tube imeneyo yatha. Yatsani m'chipinda chamdima. Kuwala kofiirira pakati pa tube n'koyenera, ndipo kabuluu pang'ono pagalasi la 6L6 sikoopsa. Choopsa ndi pamene chitsulo chachikulu chotuwa cha m'kati chayamba kufiira. Mukaona zimenezo zimitsani nthawi yomweyo.

Ma 12AX7 atatuwo ndi ofanana ndipo safuna kuchuna kalikonse, choncho tube imodzi yatsopano ndi yokwanira kuyesera onse. Yambani ndi imene ili kutali kwambiri ndi ma 6L6, muisinthe, mumvetsere kwa theka la ola, mubwezere yakale, mupite pa inayo. Kusintha ziwiri nthawi imodzi kumakusiyani osadziwa yolakwa. Mutha kuwagogodanso mopepuka ndi labala ya pensulo ampu ikuyaka: imene ikulira kwambiri kapena kuthetheka ndiyo yodwala. Ma 6L6 ndi amene amatopa msanga, ndipo amagulidwa awiriawiri, otchedwa matched pair. Mukawasintha, bias iyenera kuchunidwa.

Bias ndi imene imalamula kuchuluka kwa magetsi odutsa mu ma 6L6 pamene simukuimba. Ma tube awiriwa amagawana ntchito, ina theka la mawu, inzake theka linalo. Bias ikazizira kwambiri, kutanthauza kuti magetsiwo achepa, pamalo popatsirana pamakhala kampata, ndipo kampata kameneko ndi kamene kamamveka ngati "bzzz" noti ikamazilala. Ikatentha kwambiri, ma tube amafiira n'kutha msanga. Pa ampu yanu pali malo opimira m'kati, ndipo kampani imaika pafupifupi 60 mV ya ma tube onse awiri pamodzi.

Apa ndipo mulekere manja anu, achimwene. M'kati mwa ampuyo muli magetsi opitirira 400V, ndipo tizipangizo tosunga magetsi totchedwa ma filter capacitor tingathe kuwasunga ngakhale mutazula pulagi. Amapha munthu. Mmisiri woidziwa ntchito amayamba watsitsa magetsiwo kudzera mu resistor, n'kupima kuti atsika pansi pa 10V, ndipo ampu ikamayaka amapima ndi dzanja limodzi. Si aliyense wokonza mawailesi ndi ma TV anagwirapo ampu ya ma tube, ndiye mufunseni kaye. Akanena kuti bias sadziwa, nyamulani ampu yanu.

Chimene mwanena chakuti zimanyanya ikatentha mumuuze mmisiriyo momveka, chifukwa chimaloza zinthu zitatu. Choyamba ndi solder (mtovu wowotcherera zipangizo) yong'aluka pa bolodi, makamaka pa miyendo ya masoketi a ma tube, pa jaki ya input ndi pa ma resistor akuluakulu a 5W amene amatentha. Mng'alu umaoneka ngati kamphete kozungulira mwendo, ndipo umatseguka bolodi likafunda. Chachiwiri ndi ma plate resistor a 12AX7, ambiri a 100k: ikaduka imodzi pa tube yachitatu, 6L6 imodzi imasiya kulandira mawu ndipo ampu imamveka yofooka ndi yosasa pa volume iliyonse. Chachitatu ndi coupling capacitor yodontha, imene imalola DC kufika pa grid ya tube yotsatira n'kusokoneza bias yake. Mmisiriyo apimenso ma screen resistor a 470 ohm pa ma 6L6, chifukwa tube ikafa imakonda kuotcha resistor yake, ndipo tube yatsopano mukaiika pamenepo sigwira bwino ntchito. Ngati pansi pa noti mumamvanso kulirima kosatha kapena noti ina yachilendo yosagwirizana ndi imene mwagunda, ma filter capacitor akalamba ndipo asinthidwe onse pamodzi.

Fuzi ikapsa, bwezeranimo ya nambala yomweyo yolembedwa pa ampu, osati waya kapena pepala lonyezimira. Ndipo mukamaliza kuimba, ipatseni mphindi 10 kuti izizire musanaikweze pa galimoto, muiimike pa matiresi kapena bulangete lopinda, chifukwa ma tube otentha sapirira kugwedezeka.