Kwa aphunzitsi a ku Bembeke amene atumizidwa ku Likoma

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Bembeke, kuno kwathu ku Dedza. Ndi mphunzitsi wa ku sekondale, ali ndi mwana wa zaka zitatu, ndipo kalata yowatumiza kukagwira ntchito ku Likoma yafika. Funso lawo ndi lakuti: kodi pachilumba anthu amakhala bwanji tsiku ndi tsiku? Magetsi, madzi, chipatala ndi msika ziliko? Akuti abale awo akuwauza kuti akane, chifukwa munthu wa kumapiri sangakhale pakati pa madzi.

Achemwali, ine ndikuti pitani. Koma mupite mukudziwa chimene chidzakuvuteni, chifukwa si zimene mwafunsazo. Magetsi aliko, madzi aliko, chipatala chiliko, foni imagwira. Chovuta ndi ulendo. Kuno ku Bembeke mukamva uthenga usiku, m'mawa mumatsikira pa msewu wa M1, kuimitsa minibasi, masana muli ku Lilongwe kapena ku Balaka. Ku Likoma tsiku lonyamuka simusankha inu. Limasankhidwa ndi sitima ndi mphepo, ndipo moyo wonse wa pachilumbapo, mitengo ya zinthu, zakudya, matenda ndi maliro omwe, umayenda motsata zimenezi.

Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita 18, ndipo mnzake Chizumulu ndi wocheperapo kwambiri. Ziwirizi zimapanga boma limodzi, limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 14,000. Zili m'madzi a dziko la Mozambique ngakhale ndi nthaka ya Malawi. Mukaima kugombe la kum'mawa mumaona mapiri a ku Cobue pafupi pomwepo, pomwe Nkhata Bay, kumene kumachokera pafupifupi zonse zimene mudzagule, ili kutali makilomita pafupifupi 70. Inu mudazolowera malire a ku Lizulu ndi ku Tsangano, kumene munthu amangodumpha msewu n'kukagula tomato ku Mozambique. Kumeneko musadzatero. Kuwoloka kupita ku Cobue ndi kulowa dziko lina, ndipo pamafunika kudutsa kwa a zolowa ndi zotuluka.

Sitima imene aliyense amaidziwa ndi Ilala. Inapangidwa ku Scotland, inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndipo mpaka lero ndiyo msana wa chilumbachi. Imanyamuka ku Monkey Bay kupita kumpoto mpaka ku doko la Chilumba m'boma la Karonga n'kubwerera, ndipo pa ulendo umodzi wa sabata imaima pa Likoma kawiri, popita ndi pobwera. Kwa inu njira ya Monkey Bay ndi yapafupi: mutsika pa Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Koma mudzakhala m'sitima nthawi yaitali. Ambiri amasankha kukwera basi mpaka ku Nkhata Bay n'kuwoloka kuchokera kumeneko, ulendo wa maola angapo. Ndandanda yake imasintha, nthawi zina sitimayo imakhala ikukonzedwa kwa masabata, ndiye imbani foni ku doko musananyamuke pakhomo, osadalira za m'maluwa.

Ilala ikapanda kuyenda anthu amakwera maboti. Pamenepa ndiyankhule mosapsatira mawu, chifukwa muli ndi mwana. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo ya kum'mwera imene imadzutsa mafunde aakulu, ndipo nyanja imene inali bata m'mawa imatha kusintha pasanathe ola. Boti lodzaza matumba a ufa, makatoni ndi anthu mpaka m'mphepete musakwere, ngakhale akuuzeni kuti lina kulibe sabata yonse. Mwana mumugulire jekete yake yoyandamitsa ya msinkhu wake, muziyenda nayo nokha. Asodzi akanena kuti lero nyanja si yabwino, mverani. Iwo amaidziwa kuyambira ali ana.

Pali chinthu china chimene abale anu sananene poyera koma ndikukhulupirira kuti ndicho chili m'mitima mwawo: maliro. Kwathu kuno munthu akamwalira lero, mawa kapena mkuja taika. Inu uthenga ukakupezani tsiku loti sitima yangochoka, mudzafika kumudzi anthu atabalalika kale, n'kungokaona manda. Izi zimapweteka, ndipo palibe nzeru yozichotsera. Chimene mungachite ndi kukhala pansi ndi amalume ndi amayi musanapite, kuwauza zoona kuti padzakhala zovuta zina zimene simudzafikapo pa nthawi yake, kuti asadzaone ngati mwanyada. Ndege zing'onozing'ono zimatera pa bwalo la pachilumbapo, koma mtengo wake ndi wa alendo odzaona malo, osati wa malipiro a mphunzitsi.

Tsopano za m'khitchini, zimene ndikuona kuti zidzakudabwitsani kuposa zonse. Inu mwakulira kumene kachewere, kabichi, nyemba ndi mpiru zimangotapidwa m'dimba. Nthaka ya ku Likoma ndi ya miyala ndi mchenga, malo ndi ochepa, ndipo chimene chimachita bwino ndi chinangwa. Nsima ya ambiri ndi kondowole, ndiwo yamasamba yodalirika ndi chigwada. Chimanga chochuluka chimachokera kumtunda pa sitima, ndipo nkhuni ndi makala ambiri amawoloka kuchokera ku Mozambique. Chilichonse chimene chakwera boti chimafika chitakwera mtengo: shuga, sopo, mafuta ophikira, simenti. Sitima ikachedwa, m'magolosale a pa Mbamba, pamene pali msika waukulu, mashelufu amayamba kuoneka opanda kanthu. Mudzaphunzira kugula za mwezi wonse tsiku limene katundu wafika.

Potero popita nyamulani thumba la ufa, nyemba, mtedza wa nsinjiro ndi mfutso wambiri. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya umene kuno ena amauona ngati ndiwo ya osowa, kumeneko udzakupulumutsani mu Okutobala. Kachewere musanyamule wambiri, chifukwa kukatentha amaphukira ndi kuwola msanga. Mipando yolemera ndi kabati zisiyeni kumudzi. Katundu amalipiridwa m'sitima, ndipo kumutsitsa pakati pa chipwirikiti cha padoko muli ndi mwana kumbuyo si ntchito yamasewera.

Chimene mudzapindule ndi nsomba. Usipa umene kuno umafika utauma, utayenda masiku pa galimoto, kumeneko mudzaugula m'mawa ukadali wonyezimira, asodzi atangobwera kumene. Usiku mudzaona nyali zawo zitandandalika pa nyanja, chifukwa usipa amaukopa ndi kuwala. Utaka, kampango, ncheni, batala, zonsezi mwana wanu adzazidziwa mayina asanayambe sitandade 1. Koma dziwani kuti m'nyengo ya mwera asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi, ndipo nsomba imasowa ngakhale muli pakati pa nyanja. Mango amachuluka kumapeto a chaka, ndipo milambe ili paliponse, moti malambe a phala la mwana simudzagula.

Za magetsi sindichulukitsa. Chilumbachi sichinalumikizidwe ku magetsi a ku Nkula ndi Tedzani. Kwa zaka zambiri chinkadalira majenereta a dizilo amene ankazimitsidwa usiku, kenako a EGENCO anaika makina a magetsi a dzuwa pa Likoma ndi pa Chizumulu, ndipo zinthu zinasintha kwambiri. Komabe kasola kakang'ono koyatsira nyali ndi kutchajira foni musakasiye. Madzi a m'mipope amafika m'madera ena, ena amatunga kunyanja. A kunyanja muziwiritsa kapena kuthira mankhwala nthawi zonse. Kolera ya 2022 ndi 2023 inasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja. Ndalama muzisunga mbali ina pa Airtel Money kapena Mpamba, mbali ina m'manja, chifukwa ma ejenti nthawi zina ndalama zimawathera.

Pa za umoyo ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500. Kusiyana kumeneku thupi limakumva. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kudzakufooketsani chaka choyamba, ndipo majuzi a ku Bembeke adzangokhala m'sutikesi. Choopsa kwenikweni ndi malungo. Kuno kumapiri udzudzu ndi wochepa, choncho mwana wanu thupi lake silinakumane nawo kwambiri malungo. Neti ikhale yoyamba kupachikidwa tsiku lofika, ndipo mwana akangotentha thupi thamangani naye kukayezetsa tsiku lomwelo. Likodzo nalonso liliko m'nyanja, makamaka m'malo a madzi odikha ndi a bango kumene kumakhala nkhono. Ana a kumeneko amasewera m'madzi tsiku lonse ndipo wanu sadzalola kutsalira, ndiye muzipita naye kukayezetsa ndi kulandira mankhwala. Likodzo limachizika bwinobwino likapezeka msanga.

Chipatala chachikulu ndi cha St Peter's, cha mpingo wa Anglican. Chimathandiza matenda ambiri a tsiku ndi tsiku ndiponso amayi oyembekezera. Matenda akakula wodwala amatumizidwa kumtunda, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu Central, ndipo apa tabwereranso ku nkhani ya boti ndi mphepo. Ngati inu kapena mwana muli ndi mankhwala omwa nthawi zonse, muzikhala nawo otsala a mwezi wina. Mukadzakhala oyembekezera, kambiranani ndi anamwino msanga za kumene mudzachilire.

Ndisakuopsezeni kokha, chifukwa monga mphunzitsi mukupita kumalo kumene sukulu ili ndi mizu yakuya. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, ndipo anatsegula masukulu kale kwambiri, moti chilumba chaching'onochi chatulutsa aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki amene anagwira ntchito m'dziko lonse lino. Tchalitchi cha St Peter's pa Chipyela, chimene anayamba kumanga mu 1903, mukachiona koyamba mudzadabwa kuti nyumba yaikulu chotero inamangidwa bwanji pa malo opanda msewu wochokera kumtunda. Makolo ambiri kumeneko amalemekeza maphunziro, ndipo mphunzitsi amadziwika ndi aliyense. Vuto limene mudzalimbane nalo ndi la anyamata amene ndalama ya usodzi imawakoka n'kuyamba kujomba. Mudzafunika kuyenda m'makomo, ndipo n'zotheka, chifukwa chilumba chonse munthu amachidutsa wapansi tsiku limodzi. Magalimoto ndi owerengeka. Anthu amayenda pansi kapena pa njinga zamoto.

Chiyankhulo sichidzakuvutani. Chinyanja cha pa Likoma chili ndi mawu ndi kamvekedwe kakekake, ndipo mudzamvanso Chitonga, koma mudzamvana nawo kuyambira tsiku loyamba. Ambiri ndi a Anglican, ngakhale mipingo ina iliponso. Nthawi ya zisangalalo mudzaonerera malipenga ndi chioda m'malo mwa ngoma ndi Gule Wamkulu zimene mudazolowera. Pamalo pochepa chonchi nkhani imayenda msanga, zabwino ndi zoipa zomwe, koma ubwino wake ndi wakuti mwana sasowa womuyang'anira ndipo mlendo sakhalitsa ali mlendo.

Musananyamuke, imbirani foni mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo mufunse za nyumba, chifukwa nyumba za aphunzitsi ndi za lendi n'zochepa, ndipo kufika ndi katundu usiku popanda pogona n'kowawa. Funsaninso ngati nyumbayo ili ndi magetsi ndi mpope, ndi kutalika kwake kuchokera ku chipatala. Ngati agogo ake angathe kumusunga mwana, pitani nokha teremu yoyamba, mukonze pakhomo ndi kupeza womulera, kenako mudzamutenge pa tchuthi cha Disembala kapena cha Pasaka, mwera usanayambe.