Madzulo a pa 24 Disembala kuno ku England: zochita ndi ana

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati aka n'koyamba kudya Khirisimasi kuno ku England, ana anu awiri akungobwera kusukulu ndi nkhani za mabokosi a mphatso ndi zovala zogonera zofanana banja lonse, ndiye mukufuna kanthu kochita pamodzi madzulo a pa 24 komwe sikangakuboolereni m'thumba. Langizo langa ndi loti musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, zoti mungathe kuzibwereza chaka chamawa ngakhale ndalama zitavuta kapena wina atakhala pa shifiti. Ana sachedwa kuiwala zomwe munagula, koma chinthu mukachichita kawiri, chaka chachitatu amakukumbutsani okha.

Poyamba dziwani kuti madzulo akuno ndi aatali. Masiku amenewa dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kunja kumazizira moti palibe mwana angakasewere pabwalo. Kwathu nthawi ngati imeneyi n'kotentha, mvula ikugwa, mango ali mbwee, ana ali kutchalitchi kukonzekera sewero la kubadwa kwa Yesu. Kuno mukhala nawo m'nyumba maola asanu kapena asanu ndi limodzi asanagone, ndiye mukapanda kukonza chochita, TV ndi foni zikulandani ana. Zogula malizani pa 23. Pa 24 masitolo ambiri amatseka msanga, ndipo pa 25 masitolo akuluakulu satsegula n'komwe, chifukwa lamulo la mu 2004 limawaletsa ku England ndi ku Wales. Sitima nazo siziyenda tsikulo, mabasi ngakhale a ku London amakhala ataima. Mukaiwala mafuta ophikira, mwaiwala basi.

Chinthu choyamba, chomwe ine ndimachiika patsogolo pa zonse, ndi kuimba foni kumudzi pa 24, osadikira pa 25. Pa tsiku lenilenilo agogo amalawira kutchalitchi, akabwerako pakhomo padzaza alendo, wina akusosola nkhuku, wina akupeta mpunga, foni ili m'manja mwa mwana wa achimwene yemwe wapita nayo kumsika. Mumangolankhulana mothamanga, aliyense akukuwa. Koma madzulo a pa 24 anthu amakhala pansi. Kumbukirani kuti nyengo ino ku Malawi kuli patsogolo ndi maola awiri: ikamakwana 4 koloko kuno, kumeneko ndi 6, kukungoyamba kuda, anthu asanadye nsima. Mukachedwa mpaka 7 koloko yakuno, kumudzi agona kale. Atumizireni ya bandulo dzulo lake, muwauzenso atchajiretu foni masana, poti nyengo ya mvula magetsi sadalirika.

Ndipo musangoti "moni agogo" n'kudula. Auzeni ana akonzeretu funso limodzi aliyense. Afunse agogo kuti iwo ali aang'ono ankadya chiyani pa Khirisimasi, kapena amayi awo ankavuta bwanji ali mwana, muone mmene aseke. Apempheni agogo awayimbire kanthano kamodzi, ana aziyankha "tili tonse" ngakhale Chichewa chawo chayamba kupotoka. Ngati intaneti ikudukaduka, agogo ajambule nthanoyo pa WhatsApp ngati uthenga wa mawu, inu muwamvetsere ana pogona. Uthengawo musaufufute.

Chachiwiri ndi kukazinga mandasi pamodzi. Ndikuti mandasi chifukwa zonse zofunika zimapezeka mu sitolo iliyonse: fulawa, shuga, yisiti kapena baking powder, mkaka, dzira, kamchere ndi mafuta. Kandani fulawa cha m'ma 2 koloko, muvundikire ndi kansalu, muike beseni pafupi ndi hita. M'nyumba zakuno, mukausiya pa tebulo la kukhitchini kozizira, ufawo umangokhala duu osafufuma. Ukafufuma, mwana wamng'ono mpatseni kapu azidulira tozungulira, wamkulu aziwerenga ndi kuyala pa thireyi yowaza fulawa. Pa mafuta otentha pakhale inu nokha. Ponyani kachidutswa kaye: kakamira n'kubwera pamwamba kakuchita thovu, mafuta afika, kakada msanga, chepetsani moto, apo ayi mandasi apsa kunja m'kati muli muwisi. Tsegulani zenera pang'ono ngakhale kukuzizira, chifukwa alamu ya utsi yakuno sichedwa kulira. Mpunga wa Kilombero ndi nkhuku zisungireni mawa. Usiku umenewu tiyi wa mkaka ndi mandasi otentha zakwana, ndipo simutopa ndi mbale.

Chachitatu ndi kutchalitchi, koma sankhani mapemphero oyenera msinkhu wa ana. Akatolika ali ndi Misa ya usiku monga kwathu, ndipo maparishi ambiri amachitanso ina chakumadzulo ya mabanja. A CCAP amene ali ku Scotland amapita ku Watchnight ya Church of Scotland, yomwe imatha pakati pa usiku. Kwa mwana wa zaka zisanu kumeneko n'kumuzunza, mudzabwera naye ali kumsana pa chisanu. Ine ndingakulangizeni Christingle, yomwe matchalitchi ambiri a Anglican amachita masana kapena chakumadzulo, ndipo salipiritsa pakhomo kapena kufunsa kuti ndinu a mpingo uti. Mwambowu unayamba ndi mpingo wa Moravian ku Germany mu 1747, ndipo bungwe la The Children's Society linaubweretsa mu Church of England mu 1968. Mwana aliyense amapatsidwa lalanje lomangidwa riboni yofiira, pamwamba atabayapo kandulo, m'mbali timitengo tinayi tokhala ndi maswiti ndi zipatso zouma. Lalanje likuimira dziko, riboni mwazi wa Yesu, kandulo kuwala kwake, timitengo nyengo zinayi ndi zokolola zake. Kenako amazimitsa magetsi, ana onse atanyamula makandulo oyaka. Apa tcherani maso ngati mtsikana wanu walukidwa tsitsi lalitali: limangeni kumbuyo musanachoke pakhomo. Maswitiwo, ndikuuziretuni, satha kufika nawo kunyumba.

Mukalephera kutuluka, Christingle mutha kupanga nokha pa tebulo, malalanje ndi otchipa nyengo ino. Wamkuluyo awerenge Luka 2, ndime 1 mpaka 20, mu Chingerezi, inu mubwereze mu Chichewa. Pa 3 koloko masana BBC Radio 4 imaulutsa nyimbo ndi mawerengo kuchokera ku King's College ku Cambridge, mwambo womwe unayamba mu 1918 ndipo wakhala ukumveka pa wailesi kuyambira 1928. Ana sangakhale chete ola lonse ndi theka, ayi, koma kuyatsa wailesi uku mukudikira fulawa afufume kumakhazika mtima pansi.

Tsopano za mabokosi a mphatso aja. Amenewo ndi fashoni ya posachedwapa, yomwe masitolo akuikoleza chifukwa ikuwapindulira. Musadzimve ngati mayi wolephera chifukwa simunagule zovala zogonera zinayi zofanana zoti zivalidwe usiku umodzi. Mwambo wakale wa Angerezi eni ake ndi wa sokosi: mwana amapachika sokosi yaikulu asanagone, m'mawa n'kupezamo kalalanje kunsi kwenikweni, tichokoleti ndi kachidole kamodzi. Mapaundi ochepa chabe akwana. Za Father Christmas, nkhalamba ya m'nthano yomwe ana amauzidwa kuti imabweretsa mphatso usiku, makolo timasiyana maganizo. Ena safuna kumva n'komwe, ati ndi bodza. Ine ndimaona kuti mwana amene akumva zimenezi kusukulu tsiku ndi tsiku, kumuletseratu kumangomusiyanitsa ndi anzake a m'kalasi. Anzawo amasiyira nkhalambayo mince pie (kakeke ka zipatso zouma) ndi karoti ya nyama zokoka ngolo yake. Anu amusiyire mandasi awiri pa mbale, ndipo mmodzi wa inu akuluakulu adye n'kusiya nyenyeswa. Akamadzakula adzazindikira okha amene ankadya.

Pali mwambo wina womwe ndinautengera kwa anzathu a ku Poland, omwe ndi ambiri kuno ndipo kwa iwo phwando lalikulu ndi la pa 24. Iwo amadikira nyenyezi yoyamba ioneke asanayambe kudya, ndipo pa tebulo amaika mbale imodzi yapadera ya mlendo amene angafike mosayembekezeka. Za nyenyezizo kuno n'zovuta, mitambo ndiyo yambiri, koma za mbale ija ife sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa. Kungoti kuno mlendo safika yekha, mumachita kumuitana. Pakati pa Amalawi anzathu kuno pali ophunzira amene anzawo onse apita kwawo, ndi ena ogwira ntchito yosamalira okalamba amene mabanja awo akadali ku Malawi. Itanani mmodzi, ana azolowere kuti usiku umenewu pakhomo pamabwera amalume kapena azakhali, awalandire chikhoti pakhomo, awathirire madzi osamba m'manja. Muuzeni mlendoyo msanga, sabata ino, ndipo mugwirizane za kabwerero kake, chifukwa mabasi ndi sitima zimaleka kuyenda msanga madzulo a pa 24. Ngati alibe galimoto, muyalireni pa sofa adye nanu mpunga wa mawa.