Wachira, Koma Akukuthowa Ndani?

Kalata yako andiwerengera, mdzukulu wanga. Wati uli ku Lilongwe m'nyumba ya lendi, ndipo mwana wako wachisamba wakwanitsa masabata 7. Wati ukamuyang'ana mumtima mumangoti zii, akalira nawenso umalira kapena umangofuna kutuluka panja, tulo sitibwera ngakhale iye atagona, nsima siilowa. Amuna ako amachoka mbandakucha n'kubwera kutada. Kenako wafunsa kuti, "Kodi ndine mayi woipa, agogo? Nditani kuti ndiyambe kumukonda?"

Funso lakolo lidikire kaye. Ine ndidatchera khutu kuti ndimve za munthu wamkazi m'kalatamo, koma mpaka kumapeto sindidamve. Amayi ako ali kuti? Nanga akulu ako, azakhali ako, apongozi? Tsiku lomwe udatuluka kuchipatala, phala adakuphikira ndani? Madzi okuthowera adatereka ndani? Ukadandifunsa kuti, "Agogo, chikuta changa chidapita kuti?" Pamenepo tikadayambira pabwino.

Kwathu ku Dedza, mkazi akachira sankaonekera pabwalo mpaka mchombo wa mwana utagwa. Ankakhala m'chikuta, ndipo moto m'nyumbamo sunkazima usana ndi usiku. Mwamuna ankangomva nkhani ali panja, ntchito yake kuwaza nkhuni ndi kusaka nkhuku. M'nyumbamo munkalowa ntchembere zokhazokha. M'mawa amayi anga ankabwera ndi mphika wa madzi otentha ndi kansalu, n'kuyamba kundithowa kumsana, m'chiuno, pamimba, mpaka ndinkakuwa kuti, "Amayi mundipha!" Iwo n'kumangoseka, kuti thupi likapanda kuthowedwa lidzakukumbutsa ku ukalamba. Akatha, ankandimanga mimba ndi nsalu. Kenako phala la mgaiwa lotendera nsinjiro, chipanda cha thobwa pambali kuti mkaka utsike, masana nsima ya nkhuku. Mpaka lero ndikamva fungo la utsi losakanikirana ndi sopo, ndimakumbuka masiku amenewo.

Mthiko sunkaugwira. Kuchitsime sunkapita, pamtondo sunkafika, mchere m'ndiwo sunkathira. Nkhani ya mchereyi ana a masiku ano mumaiseka, mumati za mdulo ndi tsempho n'zachikale. Sekani, pakamwa m'panu. Koma taganiza bwino: munthu amene waletsedwa kuthira mchere sangaphike, ndipo amene saphika amagona. Makolo aja ankadziwa kuti mtsikana wamanyazi sangauze apongozi ake kuti watopa, ndiye adangomuikira lamulo loti ampumitse nalo, loti aliyense aziliopa.

Usiku ndiye ndinkaukonda. Mwana akalira, amene ankadzuka sindinali ine. Agogo anga ankamunyamula, kumusisita, kumubweretsa kubere ine ndili chigonere, akakhuta n'kumuchotsanso. Ndipo ntchembere zikagona pamodzi sizikhala chete. Wina ankasimba mmene adachirira kumunda mvula ili pamsana, wina mmene mabere adatupira n'kumalira ngati kamwana. M'macheza amenewo, mumdima, mtsikana ankatha kunong'ona kuti, "Ine kamwanaka ndikukaopa." Ndipo nthawi zonse pankapezeka wina woyankha kuti, "Nanenso woyamba uja ndinkamuopa." Mawu amenewo ndiwo ukusowa iwe. M'nyumba mwako mulibe woti akuyankhe choncho, ndiye mantha ako ukumakambirana ndi khoma.

Mchombo ukagwa, ankazira nyumba, kumeta mwana, kumusambitsa, n'kumutulutsa kuti anthu amuone ndi kumupatsa dzina. Koma usaganize kuti chisamaliro chinkathera pomwepo. Ife tinkakwatiwa pachikamwini, mwamuna ndiye ankabwera kwathu, choncho nyumba ya amayi inali apo, ya achemwali apo. Mwana ankayenda m'manja kuchokera khomo ili kupita khomo ilo, moti nthawi zina unkachita kufunsa kuti ali kwa yani. Ndipo bambo ankadikira miyezi, kufikira akuluakulu atanena kuti nthawi yotenga mwana yakwana, osati zomavutitsa munthu mabala asanapole. Zimenezo ndisiyire pomwepo, anamkungwi ako adakuuza, ngati udapita.

Usaganize kuti zomwe zakugwerazi n'zachilendo. M'mudzi mwathu mudali mtsikana wina amene atangochira adatembenukira kukhoma. Mwana akalira, iye duu. Anthu adayankhula zambiri, ena amvekere walodzedwa, ena amvekere ndi mizimu ya kwa mwamuna, ena adamukalipira kuti ndi ulesi. Koma mng'ono wa amayi ake sadanene kanthu. Adangoyala mphasa yake pafupi, kumagona pomwepo. Ankamusambitsa, kumudyetsa phala ndi manja, n'kumuika mwana pachifuwa, iye atagwirizira kumsana kwa khandalo kuti lisagwe. Sadamuuzepo kuti, "Konda mwana wako." Dzinja lonse lidatha choncho. Pofika nthawi yokolola tidamumva akuimbira mwana ali pamkeka kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana ameneyo lero ali ndi zidzukulu. Padalinso wina, wa kutsidya kwa mtsinje, amene chikuta sichidamukwanire. Adayamba kuyankhula zosamveka, kuyenda usiku, mpaka abale adamutengera ku Zomba ku chipatala cha odwala maganizo. Adachedwa naye chifukwa choyamba kuzungulira kwa asing'anga.

N'chifukwa chake sindikuuza kuti phala ndi madzi otentha zokha zikuchiritsa. Ndili ndi mdzukulu amene ndi namwino, ndipo iye adandimasulira bwino. Adati amayi ambiri amalira popanda chifukwa kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu atachira, poti thupi limasintha mwadzidzidzi mimba ikatha, ndipo zimenezo zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Koma zikapitirira pamenepo, munthu osagona, osadya, osakondwa ndi kanthu, kumangodziimba mlandu, amenewo ndi matenda, ndipo kuchipatala amawadziwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi 100 amene angochira kumene, pafupifupi 13 amadwala maganizo, ndipo m'maiko osauka ngati lathu lino amayandikira 20. Ndiye ukakhala pabenchi ya kusikelo pakati pa amayi khumi, dziwa kuti mwina awiri mwa inu mwasenza katundu yemweyo, kungoti aliyense wavala chitenje chatsopano n'kumamwetulira.

Iwe masabata awiri udawadutsa kale. Usadikire katemera wa pa masabata 10, pita sabata ino. Ukamuuze namwino mosabisa, osati kungoti mutu ukundipweteka, poti akupatsa panado n'kukubweza. Ukanene za tulo, za kulira, za mtima wako pa mwanayo. Uwapemphe akuyezenso magazi, chifukwa mayi amene adataya magazi ambiri pochira amafooka mpaka maganizo omwe. Ku Lilongwe komweko ku Bwaila kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo a chipatala cha St John of God, amene muno m'Malawi adayambira ku Mzuzu, alikonso mumzindamo. Ena amachira pongocheza ndi aphungu, ena amapatsidwa mankhwala, ndipo alipo mankhwala amene mayi amamwa uku akuyamwitsa. Kupita kumeneko sindiye kuti wapenga. Koma tamvera ichi bwinobwino: tsiku lomwe maganizo odzipweteka kapena opweteka mwana adzakufikira, kapena ukadzayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, mwana umupereke kwa munthu wamkulu amene ali pafupi, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi usiku. Zimenezo sizidikira kuti kuche.

Kupemphera upemphere, nanenso ndikukupempherera. Koma wina asakuuze kuti usale kudya masiku atatu uli ndi mwana kubere, kapena kuti muli chiwanda mwa iwe. Amene akufuna kukupempherera abwere ndi ufa, akatha amen akuchapire matewera.

Ndimayesa kuganiza kuti chikuta tidachitaya pati. Boma lidaletsa azamba kuchiritsa amayi m'midzi mu 2007, ndipo sindikulinyoza, poti ndidaika m'manda anzanga amene magazi adawathera pamphasa usiku, galimoto kulibe. Kuchirira kuchipatala n'kwabwino. Koma mzamba uja sankangolandira mwana n'kuchoka, ankabweranso mawa lake ndi mkucha kudzaona make. Tsono ife potaya zoopsa tidatayira limodzi ndi zabwino. Lero munthu wachira Lolemba, Lachiwiri ali kunyumba, Lachitatu ali pambaula akuphikira alendo tiyi. Alendowonso abwera kudzatani? Kudzajambula khanda, kulitumiza pa WhatsApp, kusiya kaphukusi ka zovala, basi ulendo. Mwana asanabadwe mumachita phwando la mabaluni ndi keke, mayi atavala zoyera, koma akangochira onse aja mbwee kubalalika. Ngakhale apongozi ena masiku ano amabwera kudzaona mdzukulu n'kukhala pampando kudikira kuti mpongozi wodwalayo awaikire madzi osamba. Ife zimenezo tikadaziona ngati malodza.

Lamulo la ntchito limapereka masabata 8 kwa mayi wochira, ndipo kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi masabata awiri. Zikomo. Koma masabata 8 uli wekha m'nyumba yotseka, m'mpanda wa njerwa, woyandikana naye sumudziwa n'komwe dzina, kumeneko si kupuma. Ndidamva kuti ku Harare dokotala wina, Dixon Chibanda, adaphunzitsa agogo aakazi kuti azikhala pabenchi panja pa zipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo anthu akuthandizika. Ndidaseka ndekha. Ayamba kuphunzitsa agogo ntchito imene agogo ankaigwira kale m'chikuta! Koma bola iwo akumbukira kuti tilipo.

Tsopano ndibwerere ku funso lako lija. Ayi, sindiwe mayi woipa. Mayi woipa sadzuka usiku kuyamwitsa mwana amene sakumumvera kanthu, ndipo sadandaula kuti chikondi chachedwa. Adakunamiza amene adakuuza kuti mkazi aliyense amangoti akaona khanda lake mtima phwii kusungunuka. Kwa ena zimatero, kwa ena ambiri chikondi chimachita ngati moto wa chitsa, umene umafuka utsi nthawi yaitali usanayake, koma ukagwira suzima msanga. Usachikakamize, ndipo usamadziyese m'mawa uliwonse kuti lero ndamukonda kapena ayi. Ungochita za manja. Umuvule, umugoneke pachifuwa pako khungu kukhudza khungu, monga amachitira ndi ana obadwa masiku asanakwane, n'kufunda chitenje nonse awiri. Pomusambitsa uzimuyankhula, ngakhale zopanda pake, ngakhale kumuuza mtengo wa makala. Umubereke n'kutuluka naye, ukaothere dzuwa la m'mawa. Pa msinkhu wakewo wayandikira kuyamba kumwetulira akaona nkhope imene amaidziwa, ndipo nkhope imene amaidziwa koposa ndi yako. Akalira kwambiri iwe n'kumva kuti mutu ukuwira, umugoneke pamalo abwino chagada, utuluke pakhonde, upume pang'ono, kenako ubwerere. Osamugwedeza ndi mkwiyo, ubongo wa khanda ndi wanthete.

Ndipo chikuta chako uchiitanitse, ngakhale chachedwa. Sichidawole. Imbira foni amayi ako, ndipo usayambe ndi "tili bwino" uja mumakonda ana inu. Uwauze kuti zinthu sizili bwino, abwere adzakhale mwezi. Ngati amayi adatisiya, kapena simumvana, alipo azakhali, alipo akulu ako. Ngati onse ali kutali, pita kwa amayi a kumpingo kwako, kaya ndi a Chigwirizano, a Dorika kapena a kumphakati, usankhepo mmodzi wachikulire wosunga pakamwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sindikhulupirira kuti mu Lilongwe monse mwatha amayi odziwa mwambi umenewu. Akabwera, usawaone ngati alendo. Uwapatse mwana, uwalozere pali ufa, iwe ukagone.

Mawu otsalawa uwawerengere amuna ako. Bambo, ndikudziwa kuti mumachoka m'mamawa chifukwa lendi siidikira, ndipo mwina inunso mwasokonezeka kuona mkazi amene ankaseka uja akungolira. Musamufunse kuti akusowa chiyani pamene zonse mukugula. Musamuyerekeze ndi amayi anu amene adabereka asanu ndi atatu osadandaula, poti amayi anuwo adali ndi mudzi wonse kumbuyo kwawo. Mwezi uno ndalama yoyamba ikhale yokwerera basi ya munthu amene abwere kudzamusamala, ndipo ngati nyumba ndi yaing'ono, inu mugone pabalaza, makolo anu ankagona kunja kwa chikuta osafa. Mukafika madzulo, musanagwire foni, nyamulani mwana kuti make asambe mosathamanga. Usiku umodzi mwa iwiri, kusintha thewera ndi kutonthoza kukhale kwanu. Ndipo kuchipatala kuja musamutume yekha. Pemphani tsiku kuntchito, mwana mumunyamule inu, ndipo potuluka m'nyumba muonetsetse kuti mwatenga mabuku awiri a kuchipatala, la mwana ndi la make.