Za mbalame mwaona ku Inhambane zija

Eee achimwene, uthenga wanu ndaumva, netiweki inangondivuta dzulo. Mwafunsa kuti mbalame za miyendo italiitali zomwe mwaona zikutolatola m'matope pa dziwe la m'mbali mwa nyanja ku Inhambane, ku Mozambique, kodi n'zomwe zija timaziona kuno ku Elephant Marsh? Zina ndi mtundu womwewo ndithu, koma sikuti zachoka ku Bangula kuno ayi. Kwawo n'kutali, ku Siberia ndi kumpoto kwa Ulaya. Zimaswa kumeneko cha mu Juni ndi Julayi, kukayamba kuzizira zimathawa. Kuno zimafika m'ma Sepitembala ndi Okutobala, nthawi ija kuchigwa kuno timagona panja chifukwa cha kutentha.

Tsono dziwe mukunenalo, lija mchenga walitchinga kunyanja yaikulu, madzi ake ndi osazama, mafunde safika mwamphamvu. Madzi akabwerera m'nyanja, amasiya matope odzaza tinyongolotsi, tinkhanu, tinkhono. Ndiye taganizani, kambalame kokwana m'chikhatho changa, kauluka makilomita masauzande, kafika kataonda, mafuta onse a m'thupi atatha. Pamatope pamenepo ndi pomwe kamabwezera thupi, kudya usana, nthawi zina ndi usiku womwe, malinga madzi aphwe. Pofika Malichi kapena Epulo kanenepa, ulendo wobwerera kwawo. Zili ngati basi ya ku Johannesburg, ikapeza pothirira mafuta patsekedwa, imathera panjira. N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi zokwirira madziwe oterewa kuti amangepo mahotela.

Malo ngati amenewa alipo odziwika. Langebaan kumpoto kwa Cape Town, Walvis Bay ku Namibia komwe kumadzaza ma flamingo, Banc d'Arguin ku Mauritania komwe zimasonkhana zoposa miliyoni imodzi. Iii, ndipo ina yotchedwa godwit mu 2022 inachoka ku Alaska mpaka ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, makilomita oposa 13,000, masiku 11 osatera. Ife kungopita ku Nchalo panjinga tafooka kale!

Dambo lathuli la Elephant Marsh madzi ake si amchere, koma ntchito yake ndi yomweyo. Mu 2017 analiika pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Paja dzinali anapereka ndi David Livingstone mu 1859 ataonamo njovu pafupifupi 800. Lero njovu mulibe, zatsala mvuu, ng'ona ndi mbalamezi, anyamata n'kumaziponyeranso malegeni, eti.

Mukapitanso mujambule pafupi, mlomo uoneke. Ngati ndi wautali wopindikira pansi, mbalameyo n'kukhala yaikulu ngati nkhunda yonenepa, mwina ndi whimbrel. Mupite m'mawa madzi ataphwa. Moni kwa alamu ndi ana, chimanga chakudimba ndikutumizirani sabata yamawa.