Kumene siketi ya tutu inachokera ndi mmene inafikira kwa atelala

Mayi, mwafunsa kuti masiketi a neti amene makasitomala anu akuwatchula kuti tutu, omwe mumasokera ana pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo ndiponso atsikana operekeza mkwatibwi, anachokera kuti, komanso ngati ali pa ubale ndi madiresi a ukwati ofufuma aja. Ubalewo ulipo ndithu, koma chovalachi poyamba chinali cha ntchito, cha akazi ovina gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet, ndipo utali wake unkasintha potsatira zimene miyendo ya ovinawo inali itaphunzira kuchita. A mafashoni anadzachitengera pambuyo.

M'zaka za m'ma 1700, akazi ankavina atavala madiresi olemera okhweza pansi monga a kunyumba yachifumu. Marie Camargo, amene anayamba kuvina ku bwalo la zisudzo la Paris Opéra ku France mu 1726, anafupikitsa siketi yake kuti akakolo azionekera, chifukwa luso lake linali kuwombanitsa mapazi ali m'malere, ndipo diresi lalitali linkabisa zimenezo.

Tutu weniweni anaonekera pa 12 Marichi 1832, pamene Marie Taglioni anavina gule wotchedwa La Sylphide ku Paris Opéra komweko, gule amene anakonza ndi bambo ake, Filippo Taglioni. Marie ankasewera ngati mzimu wa mumlengalenga umene unakopa mnyamata wa ku Scotland, ndipo kuti aoneke ngati wosaponda pansi ankaimirira ndi nsonga za zala za kumapazi. Chovala chake chinali chogwira thupi kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, mapewa ndi khosi zili pamtunda, timapiko kumsana, ndipo siketi yake inali yoyera, ya nsalu zopyapyala zosanjikiza, yolekeza pakati pa bondo ndi kakolo. Utali umenewo unasankhidwa mwadala kuti oonerera aone mapazi, pamene kupepuka kwa nsalu kunkachititsa kuti siketi izitsalira pang'ono m'mwamba iye atatera kale. Mu 1841 gule wa Giselle anadzaza nsanja ndi akazi ovala zoyera zoterezi, akusewera ngati mizimu ya anamwali amene anamwalira tsiku la ukwati wawo lisanafike. Siketi yaitali yofewa imeneyi ikuvalidwabe mpaka lero m'magule awiriwa.

Nsalu yake nayo ili ndi mbiri. Neti wosalala amene pa Chifalansa amati tulle anatenga dzina kuchokera ku tauni ya Tulle ku France. Kale neti ankalukidwa pamanja ndipo anali wodula kwambiri, mpaka pamene John Heathcoat wa ku England anapanga makina olukira neti mu 1809. Ovina a nthawi ya Taglioni ankavala makamaka nsalu za thonje zopyapyala zolimbitsidwa ndi sitachi, koma makinawo ndi amene anatsegula njira yoti neti achuluke ndi kutsika mtengo.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya moto. Nsanja za nthawi imeneyo zinkawalitsidwa ndi nyali za gasi zoikidwa m'mphepete, pafupi ndi mapazi a ovina, ndipo nsalu yopyapyala yokhala ndi mpweya pakati imayaka m'kuphethira kwa diso. Clara Webster anapsa pansanja ya Drury Lane ku London mu 1844 n'kumwalira patapita masiku ochepa. Mu 1859 boma la France linalamula kuti zovala za m'mabwalo a zisudzo ziziviikidwa m'mankhwala oletsa moto, koma mankhwalawo ankaumitsa nsalu ndi kuichititsa kuoneka yakuda. Emma Livry, mtsikana amene Taglioni mwiniwake ankamuphunzitsa, analemba kalata yokana kuvala siketi yoviikidwa motero ndipo anavomera kuti ngozi iliyonse idzakhala pamutu pake. Mu Novembala 1862, pa nthawi yoyeserera, siketi yake inakhudza nyali, ndipo atavutika ndi mabala kwa miyezi 8 anamwalira mu Julayi 1863 ali ndi zaka 20. Nkhaniyi ndaitchula mwadala chifukwa neti wa nayiloni amene tikugula lero akagwira moto amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Chonde muziwauza makolo kuti mwana wovala siketi imeneyi asayandikire makandulo a pakeke kapena mbaula, ndipo m'kati muziikamo nsalu ya thonje.

Kufupika kwa siketi kunapitirira ku Russia. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Marius Petipa ankakonza magule ku bwalo la zisudzo la Mariinsky mu mzinda wa St Petersburg, ndipo kunabwera akazi ovina ochokera ku Italy amene anali ndi miyendo yamphamvu ndi luso lozungulira mofulumira. Mu 1895 Pierina Legnani anazungulira maulendo 32 motsatizana pa mwendo umodzi mu gule wa Swan Lake. Luso lotere silikanaoneka bwino m'siketi yofika m'katumba, choncho siketi inakwera mpaka pamwamba pa mabondo, ndipo m'zaka za m'ma 1900 inafika poima chopingasa kuchokera m'chiuno ngati mbale. Mukayang'ana zithunzi zimene Edgar Degas anajambula ku Paris m'ma 1870, mudzaona masiketi a pakati pa mitundu iwiriyi, ofufuma ngati belu ndi olekeza cha m'mabondo.

Popeza ndinu telala, kasokedwe ka tutu wonga mbale kakusangalatsani. Neti samusokera pa lamba wa m'chiuno ayi, koma pa kabudula wam'kati, mizere khumi kapena kuposerapo ya neti wolimba wokwinyidwa, mzere wapansi uli waufupi kwambiri ndipo wapamwamba uli wautali kuposa yonse, kotero kuti mzere uliwonse umachirikiza umene uli pamwamba pake. Kawirikawiri mu mzere umodzi wa pakati amalowetsamo waya wozungulira, kenaka mizere yonse amailumikiza pamanja ndi ulusi kuti isatayane. Pamwamba pa zonsezi amayalapo nsalu yokongoletsedwa ndi mikanda. Kumsana amaikako mizere ingapo ya ngowe kuti chovala chimodzi chikwane ovina a matupi osiyana, pakuti ntchito yake imatenga masiku ambiri ndipo tutu mmodzi amavalidwa kwa zaka.

Mtundu wachitatu unabwera mu 1950 ku New York. Wokonza magule George Balanchine ankaika akazi ambiri pansanja nthawi imodzi, ndipo masiketi a waya ankagundana komanso ankapitiriza kugwedera wovina ataima kale. Barbara Karinska, wosoka zovala wobadwira ku Kharkiv, anachotsa wayayo posokera gule wa Symphony in C, n'kugwiritsa ntchito mizere 6 kapena 7 ya neti wokwinyidwa, uliwonse wotalikirapo ndi theka la inchi kuposa unzake, yolumikizidwa mosathina. Siketiyo inatuluka yaifupi, yofewa ndi yofufuma, yoyenda limodzi ndi thupi.

Tsopano za mafashoni. M'ma 1920, pamene akazi ambiri a ku Paris ankavala madiresi owongoka, Jeanne Lanvin ankasokabe madiresi a siketi yotambalala yolekeza m'katumba, ofanana kwambiri ndi a ovina. Mu Febuluwale 1947 Christian Dior anaonetsa madiresi a chiuno chothina ndi siketi yodya nsalu yambiri, pambuyo pa zaka za nkhondo pamene nsalu inkagulitsidwa moyeza, ndipo mu 1949 anatulutsa diresi limene analitcha Cygne Noir, dzina lotikumbutsa mbalame yakuda ya mu Swan Lake. Katswiri wovina wa ku England, Margot Fonteyn, anali mmodzi mwa makasitomala ake. Neti wa nayiloni atafala nkhondo itatha, mapitikoti ofufumitsa siketi anafika kwa atsikana wamba m'ma 1950. Mu 1985 Vivienne Westwood anatulutsa siketi yaifupi yofufuma yotchedwa mini-crini, ndipo Christian Lacroix anatchuka ndi masiketi otupa cha m'ma 1987. Mu 1998 pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Sex and the City inkayamba ndi Sarah Jessica Parker akuyenda mumsewu wa New York atavala tutu amene anagulidwa madola 5 okha, ndipo zimenezi zinathandiza kuti akazi akuluakulu ayambe kumuvala masana. Mu 2018 Serena Williams anasewera tenesi pa mpikisano wa US Open atavala tutu wokonzedwa ndi Virgil Abloh mogwirizana ndi kampani ya Nike.

Komabe ndikupempheni kuti musakhulupirire amene amati diresi lililonse la ukwati linachokera ku tutu, chifukwa kutero n'kuwonjezera nkhani. Mtundu woyera unafala kwambiri chifukwa cha Mfumukazi Victoria ya ku Britain, amene anakwatiwa mu 1840 atavala diresi loyera la nsalu yosalala ndi lesi, ndipo kutambalala kwa siketi kunachokeranso ku mapitikoti a mawaya amene anafala m'ma 1850. Chimene ovina anapereka, monga ndikuonera ine, ndi nzeru yoti siketi ikhoza kufufuma popanda kulemera, pongosanjikiza neti wopyapyala kambirimbiri.

Masiketi amene mukusokera anawo ali pafupi kwambiri ndi a Karinska, ndipo aatali a operekeza mkwatibwi ali pafupi ndi a Taglioni. Ngati mukufuna kuti aafupiwo aime bwino, ikani neti wolimba pansi ndi wofewa pamwamba, mzere uliwonse uzitalikirapo pang'ono pamene mukukwera, ndipo mukamaliza muzisunga siketiyo moiyala pamalo athyathyathya kapena moipachika chozondotsa, monga amachitira m'zipinda zosungiramo zovala za ovina, kuti neti asawerame.