Laisensi ya PPL yatheka, nanga maphunziro a m'mitambo ndi a injini ziwiri n'ngofunikadi?

Bambo ena a ku Zomba andilembera kalata. Mwana wawo wamkazi ali pa sukulu ya oyendetsa ndege ku South Africa, watenga kale laisensi yoyamba ya PPL, ndipo sukulu yatumiza mitengo ya gawo lotsatira. Papepalapo pali mizere iwiri imene yawaimitsa mutu: instrument rating (maphunziro ouluka m'mitambo) ndi multi-engine rating (maphunziro a ndege ya injini ziwiri). Funso lawo ndi ili: "Tinagulitsa kale puloti kuti afike pamenepa. Ngati ndege akuiulutsa yekha, ziwirizi n'zachiyaninso? Kodi sakungotidyera ndalama?"

Bambo, sakukudyerani. Ngati mtsikanayu akulota zodzayendetsa ndege zonyamula anthu, ziwirizi sangazilumphe. Chimene chili m'manja mwanu ndi ndondomeko ya kaphunziridwe kake, ndipo ndalama zambiri zimapulumuka kapena kutayika pamenepo.

PPL imene ali nayo imamulola kuuluka pamene akuona kunja. Amayang'ana pomwe thambo lakumana ndi dziko, ndipo maso ndiwo amamuuza ngati ndege yapendekeka. Tsono taganizani za chiperoni chikaphimba Thyolo ndi Mulanje, munthu osaona ngakhale mtengo wa pakhomo. Mumtambo zimakhala choncho. Maso akasowa chogwira, thupi limadalira m'kati mwa khutu, ndipo khutu limanama. Ndege ikakhota pang'onopang'ono, woyendetsa amamva ngati ikupita molunjika. Akaiwongola amamva ngati yapendekekera mbali ina, n'kuibwezeranso komwe inalakwika, mpaka imayamba kuzungulira ikutsika. Mu 1954 akatswiri a pa University of Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka osaona kunja, ndipo pongoyerekeza ankatha masekondi 178 okha ndege isanawapulumuke. John F. Kennedy Jr., mwana wa pulezidenti wakale wa America, amene ndege yake inagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Martha's Vineyard usiku wa pa 16 July 1999, analibe instrument rating, ndipo ofufuza anapeza kuti anasokonezeka motere.

Instrument rating ndi maphunziro okana kumvera thupi lako n'kukhulupirira mamita a kutsogolo kwako. Mphunzitsi amamuveka wophunzira magalasi otchinga kuti asaone kunja, kenaka amamuuza kukwera, kukhota, kuzungulira pamalo amodzi podikira chilolezo chotera, uku akulankhula pa wailesi ndi a pa nsanja. Pamapeto pake amaphunzira kutsikira pa bwalo motsogozedwa ndi zizindikiro za wailesi zotchedwa ILS, mpaka atatsala mafiti 200 kuti afike pansi, mamita ngati 60. Akafika pamenepo osaona msewu woterapo, amaonjezera moto n'kukweranso. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amene maiko ambiri amatengerapo awo, amafuna maola 40 ouluka motere, komanso maola 50 a maulendo ochoka pa bwalo lina kupita lina iye ali woyendetsa wamkulu. Palinso mayeso olemba a zanyengo, malamulo ndi kapezedwe ka njira, ndipo ambiri amavutika ndi pepala kuposa ndege.

Apa pali mpata woyamba wosunga ndalama. Gawo la maola 40 aja limaloledwa kuchitikira pansi, pa simulator yovomerezeka (makina oyeserera kuyendetsa ndege), ndipo ola la pa simulator silifanana mtengo ndi ola lowotcha mafuta. Musaone ngati ndi maphunziro otchipa. Pa simulator mphunzitsi amatha kuimitsa zonse pakati, n'kufotokoza, n'kubwereza kutera kumodzi kasanu, zimene m'mwamba sizingatheke.

Za injini ziwiri n'zazifupi koma zodula. M'malamulo a ku Ulaya ndi maola 6 ouluka ndi maola 7 a m'kalasi, ndipo pa maola 6 aja, atatu ndi theka ndi oyeserera injini imodzi itazima. Izi zokha zikukuuzani chimene akuphunzira. Injini zonse zikamayenda, ndege ngati Piper Seneca kapena Diamond DA42 sivuta kwenikweni. Ikazima ya kumanzere, ya kumanja imapitiriza kukoka, ndipo mphuno ya ndege imatembenukira kumanzere mwamphamvu, monga ngolo imachitira ng'ombe imodzi ikaima. Woyendetsa ayenera kuponda msanga pedulo lowongolera mphuno ya ndege, kuzindikira injini yafa (phazi limene silikugwira ntchito ndilo lili ku injini yakufa), ndi kutembenuza mapeni a pulopela yake kuti asamagwire mphepo. Anthu amaganiza kuti mphamvu zangochepa ndi theka, koma pa ndege zing'onozing'onozi mphamvu yokwerera m'mwamba imatha kuchepa ndi 80 peresenti kapena kuposa. N'chifukwa chake pa mita ya liwiro pali kamzere kofiira ndi kena kabuluu. Ukatsika pansi pa kofiira ndi injini imodzi, pedulo silingathenso kuiwongola ndege. Kabuluu ndi liwiro lokwera nalo bwino pa injini yotsalayo.

Tsopano mvetsetsani apa, bambo, chifukwa makolo ambiri amalipira kawiri. Instrument rating imene munthu wayesedwera pa ndege ya injini imodzi siisamukira yokha ku ndege ya injini ziwiri. Makampani onyamula anthu amafuna yoyesedwera pa injini ziwiri, pomwe woyesa amachotsa mphamvu ku injini imodzi wophunzira ali chosaona kunja, n'kumuuza kuti atere choncho. Ndege za Malawi Airlines, Boeing 737 ndi Dash 8 Q400, zonse n'za injini ziwiri. Ndiye uphungu wanga ndi wakuti maola ambiri a m'mitambo awapeze pa simulator ndi pa ndege yotchipa ngati Cessna 172, kenaka aphunzire ya injini ziwiri chakumapeto, ndipo mayeso a instrument rating awachitire pa ya injini ziwiriyo. Ola la ndege ya injini ziwiri nthawi zambiri limadya kawiri kapena kuposa ola la Cessna, choncho si yophunzirirapo zinthu zoyambirira. Maola onse ouluka m'ndegewa amawerengedwanso pa 200 amene amafunika kuti atenge laisensi yogwirira ntchito ya CPL, ndiye sukulu yabwino imawalukira pamodzi.

Ndisakubisireni mbali ina. Ntchito yoyamba ya ambiri kuno ku Africa si ya ndege zazikulu. Ena amayamba ndi kuphunzitsa anzawo, ena amapita ku Maun, m'dziko la Botswana, kukanyamula alendo okaona nyama pa Cessna 206 kapena Caravan, zomwe zili ndi injini imodzi. Komanso instrument rating siikhala mpaka kale. M'maiko ambiri imafuna kuyesedwanso chaka ndi chaka, ndipo kuyesedwa pa injini ziwiri kumafuna kubwereka ndege yoteroyo. Ngati thumba laphwadi, n'zotheka kumaliza CPL ndi instrument rating ya injini imodzi, n'kudzaonjezera ya injini ziwiri akayamba kulandira malipiro. Adzalipira mayeso ena, inde, koma ndi bwino kusiyana ndi kuima pakati pa maphunziro opanda chiphaso chilichonse. Chimene sindingavomere ndi kusiya maphunziro a m'mitambo, ngakhale atamadzauluka kutchire kokhakokha. Mvula ya m'dzinja siifunsa kuti uli ndi laisensi yanji.

Musanatumize kobiri lina, mtsikanayu akapimitse thupi kwa dokotala wa za ndege n'kupeza chiphaso cha Class 1. PPL imatheka ndi Class 2, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu atawononga mamiliyoni kenaka n'kupezeka ndi vuto la maso kapena la mtima. Akadzabwerera kumudzi, laisensi ya ku South Africa idzafunika kuvomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege la kuno, ndiye asunge bwino logbook yake, buku lolembamo maola amene wauluka, ola lililonse losainidwa.

Ndalama musapereke zonse pakamodzi ngakhale atakulonjezani kuchotsera. Sukulu za ndege zimatha kutsekedwa ndalama za ophunzira zili m'kati. Lipirani gawo ndi gawo. Ndipo muwafunse mwa kalata kuti ali ndi ndege zingati za injini ziwiri zomwe zikuuluka panopa. Ngati ndi imodzi yokha, tsiku limene idzalowe m'galaja ophunzira onse adzakhala pamzere, inu mukulipira lendi ndi chakudya m'marandi. Muwafunsenso ngati mtengo umene alembawo ukuphatikiza mafuta, malipiro a woyesa ndi ndalama zoterera pa mabwalo ena.